Kodi "gudumu lachitatu" ndi Chichewa?

Funso: Mwana wanga analemba pa Facebook kuti ataperekeza mnzake kokaonana ndi bwenzi lake, iye anali "gudumu lachitatu". Ndinamufunsa tanthauzo, akuti ndi Chingerezi chotembenuza. Kodi mawuwa anachokera kuti, nanga ife timati chiyani? — Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, mwana wanuyo watembenuza mawu akuti third wheel. Amanena munthu amene ali pakati pa awiri okondana, iwo akucheza zawo, iye alibe chochita. Koma mawuwa ndi mphukira chabe. Tsinde lake ndi fifth wheel, gudumu lachisanu, ndipo Angerezi ankalemba kale zimenezi m'zaka za m'ma 1600.

Nthawi imeneyo anthu a ku Ulaya ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, za magudumu anayi. Ngolo yotere yakwana. Mukawonjezerapo lachisanu, silinyamula katundu, silithandiza kavalo, limangolemetsa. Afalansa ndi Ajeremani nawo ali ndi mwambi womwewu, wa gudumu lachisanu la ngolo. Lachitatu linabwera pambuyo pake, anthu atayamba kuwerenga okondana awiriwo n'kuona kuti wosafunikayo ndi wachitatu.

Ena amaganiza kuti akunena tayala la sipeya. Ayi. Sipeya amasamalidwa, chifukwa tsiku limene tayala laphulika pakati pa msewu ndiye amapulumutsa. Gudumu la mumwambiwu lilibe tsiku loterolo. Komanso madalaivala a mathiraki, amene amadutsa pa Mwanza kupita ku Beira kapena ku Durban, akamati fifth wheel amanena chitsulo chophwatalala chimene chimalumikiza mutu wa thiraki ndi ngolo yake. Chimenecho n'chofunika kwambiri, popanda icho katundu sayenda. Musasokoneze ziwirizi.

Tsono ku funso lanu lachiwiri. Ine "gudumu lachitatu" sindilikonda, ngakhale silinalakwe malamulo a chiyankhulo. Vuto n'lakuti amene sadziwa Chingerezi sangamve chimene chikunenedwa. Agogo atamva angafunse kuti njinga yake iti. Mawu amene amafuna kuti munthu adziwe kaye chiyankhulo china kuti awamve sanakhazikike m'Chichewa, angobvala malaya athu.

Chonsecho mawu tili nawo, ndipo mwawatchula nokha m'funso lanu: kuperekeza. Mwana wanu akanati "ine ndinali wongoperekeza", aliyense akanamva, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Timatero kwa wophunzira amene walemba mayeso koma osakhoza, kuti anangoperekeza anzake. Timatero kwa timu ya mpira imene yalowa mumpikisano n'kutuluka m'ndime yoyamba. Kachidutswa ka "-ngo-" ndi kamene kanyamula ululu wonse. Woperekeza ndi munthu waulemu, mlendo sachoka pakhomo osaperekezedwa. Wongoperekeza alipo, koma za iye palibe akuziganiza.

Ngati nkhani ili ya kuntchito kapena kumsonkhano, kumene munthu waitanidwa koma maganizo ake sakufunsidwa, nenani kuti anangodzazitsa chiwerengero. Ndipo ngati wachitatuyo sanangokhala chete koma akusokoneza chibwenzicho, ameneyo ndi kapasule, ndipo mawu amenewa ndi olemera, musamutchule nawo mwana amene anangopita kukaperekeza mnzake.