Amayi ali ndi zaka 74, alibe inshulansi: tiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Dzina sinditchula. Akuti: "Amayi anga ali ndi zaka 74. Ndawatenga kwathu ku Ntcheu kuti tizikhala nawo kuno ku Mzuzu. Ali ndi BP komanso shuga. Sanagwirepo ntchito yolembedwa, ndiye alibe sikimu iliyonse yachipatala. Achimwene anga ali ku Johannesburg akuti ndipeze inshulansi yotchipa, iwo azilipira. Kodi ilipo?"

Achemwali, ndikuyankheni mosapsatira. Inshulansi yotchipa ya munthu wa zaka 74 amene akudwala kale matenda awiri amgonagona ndi yosowa, ndipo mukaipeza muiwerenge kawiri musanasayine. Si nkhanza za makampani ayi, ndi mmene malondawo amayendera. Anthu ambiri athanzi amasonkha, odwala ochepa n'kumathandizidwa ndi ndalamazo. Tsono munthu akabwera matenda ali kale m'manja, eni sikimu amadziwiratu kuti adzatapa zambiri kuposa zomwe adzaponye. N'chifukwa chake amaika mipanda: zaka zomwe munthu sangalowenso, miyezi yodikira asanayambe kukulipirirani, ndi malire a ndalama pa chaka.

Komabe pitani mukafunse, kufunsa sikulipiritsa. Yodziwika kwambiri kuno kwathu ndi MASM, Medical Aid Society of Malawi, yomwe ili ndi masikimu osiyana mitengo monga Econoplan, Executive ndi VIP. Aliponso ena. Ngati inuyo muli pa ntchito yomwe ili ndi sikimu, yambirani ku ofesi yoona za ogwira ntchito, mufunse ngati kholo limaloledwa kulowa pa dzina lanu. Kulikonse komwe mupite, musafunse mtengo wokha. Funsani kuti munthu wa zaka 74 amamulandira kodi, nanga BP ndi shuga zomwe ali nazo kale adzayamba liti kuzilipirira, nanga mankhwala a mwezi ndi mwezi amalipira onse kapena mbali ina mumaonjezera nokha. Yankho akulembereni papepala. Ndipo matenda a amayi musabise pa fomu. Alipo amene angakunong'onezeni kuti "ingolembani kuti ali bwinobwino." Tsiku lomwe amayi adzagonekedwe, dokotala adzalemba mbiri yonse, sikimu n'kukana bilu, inu mutasonkha kale miyezi yambirimbiri.

Tsopano ndinene zomwe ndikanachita ine, poti njira imeneyi ndinaiyendapo ndi malemu bambo anga.

Choyamba kumbukirani kuti amayi sali pa mtetete monga mukuganizira. M'zipatala za boma m'Malawi muno chithandizo ndi chaulere, ndipo BP ndi shuga zili ndi kiliniki yakeyake. Yambirani ku chipatala chaching'ono, monga cha Mapale m'tauni muja, akawayeze ndi kuwalemba m'kaundula. Akaona kuti nkhaniyo ndi yaikulu adzawalembera kalata yopita ku Mzuzu Central ku Luwinga, chomwe ndi chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kumpoto. Kumeneko n'komwenso mungakawaonetse maso, chifukwa shuga imadya maso mwakachetechete, ndiponso ng'ala pa msinkhu umenewu si yachilendo.

Chinthu chamtengo wapatali pa zonsezi ndi kabuku ka kuchipatala kaja. Bambo anga ankakasunga m'jumbo ya shuga, atakakulunga ndi kalabala, m'thumba la jekete lomwe ankapita nalo kutchalitchi. Tinkawaseka. Koma tsiku lina atakomoka usiku, dokotala yemwe anali asanawaonepo anangotsegula kabukuko, n'kuona mankhwala onse omwe ankamwa ndi mmene BP yawo inkayendera chaka chonse. Sanatifunse zambiri. Ngati kabuku ka amayi kanatsala ku Ntcheu, tumizani uthenga lero kabwere pa basi. Masamba ake muwajambulenso pa foni.

Nanga ngati n'zaulere, ndalama zimathera kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Mumadzuka m'bandakucha mwezi wa June, chifunga cha Mzuzu chili tolo, mwawaveka amayi majuzi awiri ndi chitenje kumutu, mwakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Mukafika pa windo la mankhwala akukuuzani kuti, "Awa alipo, koma awa atha, mukagule." Zinatichitikira kangapo pa chipatala china cha boma, ndipo amene amayenda m'zipatala akudziwa kuti si zachilendo. Ndalama zimapita ku famase. Zimapita pa takisi, poti gogo wa BP simungamukweze kabaza pa zitunda za kuno. Akagonekedwa zimapita pa chakudya cha gadiyani, sopo, ndi masiku omwe gadiyaniyo wasiya geni yake. Zambiri mwa izi ngakhale inshulansi siilipira.

Ndiye achimwene anu a ku Joni muwauze chonchi: ndalama yomwe amati azipereka ku kampani, azitumizabe mwezi uliwonse, koma ilowe m'thumba la amayi. Tsegulani nambala yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena akaunti ya kubanki, yomwe ntchito yake ndi imodzi basi. Ana onse aziponyamo, wina zambiri wina zochepa, ngakhale amene ali kumudzi. Mutu umodzi susenza denga. Tinene kuti muli anayi ndipo mwezi uliwonse mukusonkha K60,000 yonse pamodzi. Miyezi yomwe mankhwala apezeka ku boma ndalamayo ikungounjikana, kudikira tsiku loipa. Wosunga akhale mmodzi, ndipo risiti iliyonse aziijambula n'kuiponya pa gulu la banja la WhatsApp. Izi zikuoneka zazing'ono, koma abale ambiri amadana pa ndalama za matenda kuposa pa matendawo. Kwathu thumba limeneli linatsala pang'ono kutha chifukwa wina "anabwerekako" za fizi. Muikiretu lamulo poyamba pomwe: ndalama ya amayi sibwerekedwa, ngakhale ku banki mkhonde siipita, chifukwa matenda sadikira tsiku logawana.

Thumba limeneli ndi lomwe lidzakutsegulireni khomo la zipatala za mishoni. St John's muno mu Mzuzu ndi Ekwendeni zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za matchalitchi, ndipo n'zolipira, koma kawirikawiri mitengo yake ndi yofatsa poyerekeza ndi makiliniki a anthu. Mudzamva ena akunena kuti ku mishoni kulinso zaulere chifukwa cha mgwirizano ndi boma. Mgwirizanowo ulipodi m'zipatala zina, koma umakhudza kwambiri amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Gogo wa shuga apite ndi ndalama m'manja.

Za boma zina ndingodutsamo. Mtukula Pakhomo ndi ya mabanja osaukitsitsa omwe alibe wowagwirira ntchito, ndiye poti amayi akukhala ndi inu, musaiwerengere. Mu 2024 aphungu anavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, chinthu chabwino ndithu, koma si khadi lomwe mungaonetse ku famase.

Ndalama yoyamba ya m'thumbamo ine ndikanagulira kamakina koyezera BP pakhomo, kenako ka shuga, ndi kope la sukulu lolembamo manambala. Ndikanagulanso mankhwala a mwezi umodzi apadera, omwewo amene adokotala analemba, kaya ndi amlodipine wa BP kaya metformin wa shuga, kuti tsiku lomwe kuchipatala atha amayi asadumphitse. Ku famase muzifunsa dzina la mankhwalawo, osati la kampani, chifukwa amodzimodziwo amakhala ndi mitengo iwiri. Ndipo muwayang'anire pa chinthu chimodzi: achikulire akangomva bwino amasiya kumwa. Bambo anga ankabisa mapilitsi pansi pa pilo n'kumatiuza kuti amwa. Tinawagwira tsiku lochapa zofunda.

Mukapita kukafunsa za sikimu ija, mundilembere zomwe akakuyankheni pa nkhani ya zaka. Pali anthu ena awiri amene andifunsa zomwezi, mmodzi wa ku Zolozolo wina wa ku Mchengautuwa, ndipo ndikufuna ndiwatumizire yankho lolembedwa. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti kuzizira kwa kuno azolowera.