London kupita New York: mtunda ndi womwewo, nanga maolawa akusiyaniranji?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti tikiti yawo ya ndege yawasokoneza mutu. Ku London anyamuka 10 koloko m'mawa n'kukatera ku New York 1 koloko masana, koma pobwerera anyamuka 7 koloko madzulo n'kufika 7 koloko m'mawa. Ndiye akufunsa kuti mtundawo ndi wautali bwanji, ndipo zoona popita maola 3 okha pobwera mpaka 12?

Mayi, mtima m'malo, tikiti yanu ili bwinobwino. Nthawi iliyonse yolembedwa pamenepo ndi ya mzinda womwe mwaimawo, ndipo wotchi ya ku New York imatsalira m'mbuyo ndi maola 5 pafupifupi chaka chonse. Ndiye popita mukhala pampando maola 8, pobwera 7.

Mtunda wake kuchoka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London kukafika pa la JFK ku New York ndi makilomita pafupifupi 5,550. Ndege zazikuluzi zimathamanga makilomita cha m'ma 900 pa ola, mukagawa mupeza maola 6 ndi kamphindi, koma zolembedwa pa tikiti zimayambira pomwe ndege yasuntha pa geti, ndiye muwerengeremo kuyenda pang'onopang'ono pansi kuja, kudikirira pa mzere kuti inyamuke, kukwera, kutsika, mwinanso kuzungulira kaye m'mwamba podikira malo oterapo.

Koma chomwe ine chimandisangalatsa ndi ola limodzi losiyanalo. Ndi mphepo imeneyo. Kumtunda komwe ndege zimadutsa, makilomita 10 kapena kuposerapo kuchoka pansi, kuli mphepo yamkokomo yomwe amaitcha jet stream, imaomba kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa ndipo nyengo yozizira ya kumeneko ndi pomwe imalusa zedi. Zili ngati kupalasa bwato pamtsinje, pokwera thukuta lokhalokha, potsika madzi amakunyamulani okha. Popita ku New York ndiye kukwerako, oyendetsa amalolera kukhota kuti ayizembe, pobwera amachita kuyisaka kuti alowemo.

Mu February 2020, nthawi ya namondwe Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kutera ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 basi! Mphepo yokha imeneyo. Ndege ya Concorde inkatha ulendowu m'maola atatu ndi theka, koma ija inali yoposa liwiro la phokoso, ndipo inasiya kuuluka mu 2003.

Mukakwera tsegulani mapu pa kasikirini ka kumsana kwa mpando wakutsogolo kwanu. Muona mzere wopindika ngati uta, nthawi zambiri ukukwera chakumpoto kukadzera cha ku Newfoundland ku Canada. Sikusochera ayi, dziko ndi lobulungira ndiye njira yachidule ndi imeneyo. Yang'ananinso nambala ya liwiro pobwera, imatha kudutsa makilomita 1,000 pa ola.

Pobwererapo mukangokhazikika yesetsani kugona msanga, chifukwa akamakudzutsani kuti mwafika m'mawa, thupi lanu lidzakhala likadali pa 2 koloko usiku.