Foni ikuwerenga barcode, pakauntala ikukana: vuto lili pati?

Mayi ena opanga chiponde ku Mchinji anditumizira imelo. Akuti sitolo ina yaikulu ku Lilongwe yawabwezera mabotolo awo chifukwa makina apakauntala sakuwerenga barcode yapalebulo, mizere ija imene makina amawerenga kuti azindikire katundu. "Koma ndikayesa ndi foni yanga ikuwerenga bwinobwino. Kodi sakungondikana mochenjera anthuwa?" Aikamonso chithunzi cha lebuloyo.

Mayi, sindikukhulupirira kuti akukukanani. Pankhani iyi foni si mboni yodalirika. Kamera yafoni imajambula, n'kukonza chithunzicho, n'kuyesa mobwerezabwereza inu mutaigwira modekha. Pakauntala palibe kudekha. Wogulitsa amangodutsitsa botolo kamodzi, anthu ali pamzere, ndipo makina akapanda kulira kawiri katatu, katundu wanu wayamba kudedwa.

Chimene chinandigwira maso pachithunzi chanu ndi mtundu wa mizereyo. Amene anakukonzerani lebulo anaipanga yofiirira kuti igwirizane ndi chiponde. Yakongoladi, koma masikana ambiri amaunika ndi kuwala kofiira, ndipo pakuwala kotero chinthu chofiira chimaoneka ngati choyera. Ndiye kwa makinawo mizere yanu ndi yozimiririka, mwinanso kulibe. Mizere yakuda papepala loyera ndiyo yosavuta. Yabuluu kapena yobiriwira yoderapo imathekanso, koma ine sindiona chifukwa chodziika pachiswe pofuna kukongoletsa kachigawo kamene wogula sakayang'ana n'komwe.

Chachiwiri ndi chithunzi cha mtedza chimene chakhudzana ndi mzere woyamba. Barcode imafuna malo opanda kanthu mbali zonse ziwiri, kuti sikana idziwe poyambira ndi pothera. Yanuyi ndi ya mtundu wa EAN-13, ya manambala 13. Pamsinkhu wake weniweni imakhala mamilimita 37.29 m'lifupi, kuphatikizapo malo oyerawo, ndi 25.93 kutalika, kuphatikizapo manambala apansi, ndipo kumanzere kumayenera kutsala mamilimita 3.63 oyera, kumanja 2.31. Kuichepetsa n'kololedwa mpaka pa 80 peresenti basi. Okonza malebulo ambiri amaifinya kuti mawu akwane, ena amaidula msinkhu, osadziwa kuti akuipha. Tengani rula muyeze yanu.

Ndikukayikiranso mmene inafikira kwa osindikiza. Ngati inadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi, m'mphepete mwa mizere munawonongeka kale isanafike paprinta. Pemphani kuti itumizidwe ngati fayilo ya PDF yochokera mupulogalamu yomwe anaipangira. Inki nayo imafalikira papepala, mizere n'kunenepa, mipata n'kuchepa. Wosindikiza wodziwa ntchito amayamba waondetsa mizereyo pang'ono kuti ikafalikira ifike pamlingo wake. Mukamufunsa za zimenezi iye n'kudabwa, fufuzani wina.

Pabotolo laling'ono lozungulira, itembenuzeni barcodeyo kuti mizere igone ngati makwerero, isakhotere kumbuyo kwa botolo.

Kuyeza kwenikweni kumachitika ndi makina otchedwa verifier, motsata muyezo wa ISO/IEC 15416. Amapereka magiredi kuyambira 4.0 kutsika mpaka 0, ndipo GS1, bungwe loyang'anira ma barcode a katundu padziko lonse, limafuna osachepera 1.5 pa katundu wodutsa pakauntala. Makinawa ndi odula, musavutike kugula. Funsani osindikiza ngati angakupatseni lipoti lake. Akakhala alibe, sindikizani malebulo ochepa kaye, muwamate pamabotolo odzaza, osati papepala chabe, mukapemphe masitolo angapo akuyesereni. Botolo limodzi lisiyeni padzuwa masiku angapo, lina mulipake mafuta achiponde palebulo, poti ndi mmene lidzakhalire likayenda ulendo wa Mchinji mpaka Lilongwe. Malebulo apepala lofanana ndi lamalisiti amazimiririka akatenthedwa, amenewo apeweni.

Pali chinthu chimodzi chimene simunandiuze: nambalayo munaitenga kuti? Masamba apaintaneti ojambula barcode ulere amangojambula nambala iliyonse imene mwalemba, ngakhale ya katundu wa munthu wina. Nambala yovomerezeka imachokera ku GS1. Ndiye mukabwerera kusitoloko, mukafunse bwino chimene chinachitika. Ngati sikana sinalire n'komwe, vuto ndi kusindikiza. Ngati inalira koma kompyuta n'kunena kuti katunduyo sakudziwika, lebulo ilibe mlandu: nambala yanu sanailowetse m'kaundula wa sitoloyo, ndipo woti mukamuone ndi wa ku ofesi yolandira katundu.