Amathokoza Mulungu pa chakudya, ine wophika osandiona

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo madzulo aliwonse timawerenga Mlozo, kabuku kotitsogolera powerenga Baibulo, tisanagone. Ndisaname, samwa mowa, sandimenya, ndalama ya ndiwo amasiya. Koma chilowereni m'banja sindinamvepo "zikomo" wochokera pakamwa pawo. Nsima ikafika amapemphera mpaka kuzizira, kuthokoza Mulungu, ine amene ndapsa zala pa mbaula osanditchula n'komwe. Tsiku lina titawerenga 1 Atesalonika 5:18, paja pamati tiziyamika m'zonse, ndinawafunsa moseka ngati "zonse" zikuphatikizapo mkazi. Anayankha kuti ulemerero ndi wa Mulungu yekha. Kodi ndikuchimwa polakalaka kuyamikiridwa?

Mayi wodandaula

Mwana wanga,

Simukuchimwa ayi. Ulemerero ndi wa Mulungu, zoona, koma inu simunapemphe kuti akulambireni. Mwapempha zikomo basi.

Tsegulani Aroma 16. Paulo yemweyo amene analembera Atesalonika akutchula anthu mmodzimmodzi: Febe amene anamuthandiza, Priska ndi Akula amene anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye, ndipo akuwathokoza poyera. Sanaope kuti Mulungu achita nsanje. Ndiye pali Miyambo 31, mutu umene abambo amakonda kutiwerengera pa zinkhoswe: mkazi wodzuka kusanache, wogula munda, wosoka zovala. Ambiri amalekeza panjira. Vesi 28 ikuti ana ake amamutcha wodala, mwamuna wake namutamanda, ndipo mawu a bamboyo alembedwa pa vesi 29. Anatsegula pakamwa.

Komabe musakatenge mavesiwa ngati chikwapu. Mukawatsutsa ana ali pomwepo, mkulu wa mpingo adzateteza ulemu wake, zamumtima mwanu sadzazimva. Abambo ambiri a msinkhu wawo anakula osamvapo atate awo akuthokoza amayi awo. Kwa iwo kugula thumba la chimanga ndiye zikomoyo. Si nkhanza kwenikweni, ndi chizolowezi, ngakhale chimapweteka ndithu.

Dikirani muli awiri kuchipinda, tsiku limene sanatope. Musayambe ndi "simundithokoza". Nenani kuti, "Bambo, mukati ndiwo zakoma lero, kutopa konse kumandichoka." Kenako apempheni kuti sabata ino muwerengere limodzi Miyambo 31 mpaka kumapeto, iwo ndiwo awerenge mokweza.

Ndikufunseninso pang'ono: fizi ya ana ikalipiridwa, inu mumati chiyani? Kapena mumangoti ndi udindo wawo? M'kalata yanu mwatchula zabwino zawo zitatu, ndipo ndikukayika ngati iwo anazimvapo kuchokera kwa inu. Pa pemphero la madzulo, ikafika nthawi yanu, thokozani Mulungu chifukwa cha iwo, mutchule chimene achita tsiku limenelo, akumva.

Kwa ankhoswe musathamangireko, nkhaniyi sinafike pamenepo. Yesani zimenezi kwa mwezi, mundilemberenso.

Azakhali anu