Zimene chithunzi chakale cha msilikali wa Keyala chingakuuzeni

Mayi wina wa ku Mulanje wandilembera imelo kuti anapeza chithunzi cha agogo awo aamuna m'sutikesi ya malemu amayi awo. Agogowo avala zausilikali, chipewa chachikulu chopinda mbali imodzi, ndipo pamkono pali mizere iwiri. Kumudzi amangonena kuti anapita ku Keyala. Mayiwa akufunsa ngati chithunzi chokhachi chingawathandize kudziwa nkhondo imene agogowo anamenya.

Amayi, chingakuthandizeni ndithu, koma choyamba musachipukute ndi madzi kapena kuchimata m'pulasitiki wotenthetsa. Chijambuleni ndi foni pamalo owala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenako muzikulitsa pafoniyo pofufuza.

Keyala ndi mmene makolo athu ankatchulira King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo lili ku Zomba. Chipewa mwachitchulacho n'chimene asilikali ankavala nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi zaka zotsatira, pamene pa nkhondo ya 1914, imene inafika mpaka ku Karonga, ankavala kachipewa kakang'ono kozungulira. Mizere iwiriyo ikusonyeza kuti anali kopolo. Ikanakhala itatu akanakhala sajeni.

Tsopano yang'anitsitsani paphewa. Mukaona kansalu kokhala ndi mutu wa chipembere, dziwani kuti agogowo anali m'gulu la 11th East African Division, limene mu 1944 linamenyana ndi asilikali a ku Japan m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'matope a mvula yosakata ndi malungo. Pachifuwa pakakhala mendulo yonga nyenyezi ya nsonga zisanu ndi chimodzi, kansalu kake ndiko kamasiyanitsa: ka Africa Star, imene ankapatsa amene anamenyana ndi Ataliyana ku Ethiopia ndi ku Somaliland, n'kowala ngati mchenga, pamene ka Burma Star n'kakuda m'mbali. Kusiyanaku kumaoneka ngakhale pachithunzi chopanda utoto. Ngati palibe mendulo yonga nyenyeziyi, mwina anajambulitsa asanapite kunkhondo, kapena anali mwa amene anatumizidwa ku Malaya, komwe lero ndi mbali ya dziko la Malaysia, kuyambira mu 1952.

Komabe chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti chithunzi chimangokulozerani nkhondo, koma chotsegula mabuku ndi nambala ya msilikali. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mayina mmene awamvera, kawirikawiri dzina la munthu ndi la bambo ake basi, ndipo anyamata ena ankasintha dzina polembetsa, makamaka Alomwe amene anali atangowoloka kumene kuchokera ku Mozambique. N'chifukwa chake dzina limene inu mukulidziwa likhoza kusapezeka paliponse. Bwererani m'sutikesi muja mukafunefune kabuku kotulukira usilikali, kalata ya penshoni kapena envelopu yakale, pakuti nambalayo inkalembedwa pa zonsezi. Mamendulo a nkhondo yoyamba anali ndi nambala ndi dzina zodindidwa pachitsulo, koma a nkhondo yachiwiri ambiri ankaperekedwa osalembedwa kanthu.

Mukaipeza, pitani nayo ku National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino ku Zomba, mutalembanso dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma kumene agogowo analembetsera. Ngati pabanja panu pali wina amene sanabwerere, mufufuzeni pa intaneti m'kaundula waulere wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda ndi mayina a asilikali ofera kunkhondo.

Musanakwere basi ya ku Zomba, tengani chithunzicho mukachionetse azakhali kapena amalume achikulire amene atsala, ndipo muwajambule mawu akamafotokoza. Afunseni ngati agogowo ankatchula za sitima yapamadzi, za Mombasa kapena za Ceylon (lero ndi Sri Lanka), chifukwa asilikali opita ku Burma anadzera kumeneko, ndipo dzina limodzi lotere likhoza kutsimikizira zimene mwaona paphewa paja.