Funsani Mmisiri: Tidinde chiyani pa malaya akuda a kwaya?

FUNSO: A Mmisiri, ndine msungichuma wa kwaya ya amayi ku Kawale. Tagula matisheti akuda 35 a kotoni. Tikufuna dzina la kwaya pamtima, chithunzi cha tchalitchi chathu kumsana. Wina akuti vinyl, wina akuti sublimation ndiye siisuluka. Timvere ndani? Mayi wa ku Kawale.

YANKHO: Mayi, wonena za sublimation uja sananame, koma pa malaya anuwo mungotaya ndalama za amayi. Inki yake tikaitentha pa makina mpaka madigiri pafupifupi 200 kwa mphindi imodzi, imasanduka nthunzi n'kulowerera mu ulusi, ndiye mukapapasa simumva kanthu. Koma ulusi wake ndi wa poliyesita basi. Pa kotoni siigwira. Ine ndinaphunzira mowawa nditangotsegula shopu ku Biwi: ndinadindira anyamata a timu ya mpira malaya 20 a kotoni, atachapa kawiri anandibwezera onse m'jumbo, manambala akuoneka ngati mthunzi.

Chinanso, sublimation ilibe inki yoyera. Choyera chomwe mumaona pachithunzi ndi nsalu yomweyo. Pa nsalu yakuda zili ngati kulemba ndi khala pa mphika wa mwaye.

Yanu ndi vinyl. Ndi pulasitiki wopyapyala amene makina amadula zilembo chotembenuza, ife n'kumachotsa zotsalira ndi kachitsulo kosongoka, ntchito yofanana ndi kusankha timiyala mu mpunga. Kenako timamata pa madigiri 150 kapena kuposerapo pang'ono, masekondi 15. Imagwira pa kotoni wa mtundu uliwonse, ndipo zilembo zoyera pa chakuda zimawala mpaka benchi yakumbuyo.

Chithunzicho ndiye tikambirane. Vinyl wamba amabwera mtundu umodzi pa mpukutu, sangatulutse njerwa, malata ndi mitambo. Ajambuleni tchalitchicho ndi mizere yoyera yokha, mtanda pamwamba. Musalole chigamba chachikulu kumsana: pulasitiki salowa mphepo, mukamayimba mu Okutobala thukuta lidzakhala chuchuchu.

Muwauze amayi adikire tsiku lathunthu asanachape, azitembenuza malayawo, asamapikiche pamwala, ndipo simbi isakhudze zilembo. Akapanda kutero vinyl amasweka n'kuyamba kumatuka m'makona.

Chithunzi chenicheni mukachifunabe, mukadzasonkhanso mudzagule malaya oyera a poliyesita, odinda ndi sublimation.