Durban kapena Ilala? Yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu ofuna tchuthi cha pa sitima

Mayi wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wa ku pulayimale, wanditumizira imelo yomwe ndaifupikitsa motere: "Chaka chamawa ine ndi bambo akunyumba tikwanitsa zaka 15 tili pabanja. Ndikuponya ku banki m'khonde, ndipo tikagawana mu Disembala ndikufuna tikapume pa sitima ya pamadzi awiriwiri, ana tiwasiye kwa agogo awo. Pa Facebook ndimaona sitima zikuluzikulu za ku Durban, koma anzanga kusukulu akuti bwanji osangokwera Ilala. Tiyambire pati, ndipo tipite mwezi uti?"

Amayi, musanafunse mtengo wa tikiti, tsitsani kalendala ya sukulu pakhoma. Ulendo wa pa sitima umadya masiku kuposa momwe umadyera ndalama, ndipo inu aphunzitsi masiku anu ndi owerengeka. Sitima ya ku Durban sidikira munthu, pomwe Ilala ndinu amene mumaidikira. Konseko munthu wopita ndi masiku ongokwanira ndendende amabwerako ali wokwiya.

Ndiyambe ndi ya ku Durban poti ndiyo yakukopani maso. Sitimazo zilipodi. Kampani ya MSC imazibweretsa ku South Africa nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo maulendo afupiafupi a masiku atatu kapena anayi amachoka ku Durban kupita ku Portuguese Island, kufupi ndi Maputo, kapena ku Pomene, m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambique. Mtengo umene umalembedwa pa chithunzi ndi wa munthu mmodzi, powerengera kuti m'chipinda mugona awiri. Chakudya chili momwemo, koma ndalama za padoko, ndalama ya ogwira ntchito m'sitimamo ndi zakumwa zambiri zimabwera pamwamba pake. Ndiye pali mtunda wathuwu. Mabasi a ku Joni amadutsa pa chipata cha Dedza, kutsika ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Beitbridge, masiku awiri athunthu pampando. Mukafika ku Johannesburg mwatsala ndi makilomita oposa 550 kuti muone Durban. Muyenera kufika dzulo lake la tsiku lonyamuka sitima n'kugona ku loji, chifukwa basi ikachedwa pa Beitbridge ndalama yanu yonse yapita ndi madzi. Amalawi timalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma pasipoti aliyense akhale ndi yake, ndipo yofunsira mwezi womwewo musaidalire.

Chachikulu ndi ndalama zakunja. Zonsezi zimalipiridwa m'ma rand kapena madola, pomwe inu mukusunga makwacha. Mukukumbukira Novembala 2023, kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi; amene ankasungira ulendo wa kunja anadzuka ulendo wawo utafupika. Sindikuti loto limeneli mulitaye. Koma ndi ulendo wofuna magawo awiri kapena atatu a banki m'khonde, ndipo tsiku lolipira lidzafika mudzalipire ku kampani yeniyeniyo kapena ku ofesi ya zamaulendo yomwe mungathe kuipondamo ndi phazi, osati kwa munthu wa pa WhatsApp wofuna dipoziti pa Mpamba.

Ulendo uno kwerani Ilala. Koma anzanu aja akuuzeni zoona zake zonse: Ilala si hotela yoyandama. Ndi sitima ya ntchito. Inamangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, ku Scotland, n'kubwera kuno zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Kuyambira pamenepo ntchito yake ndi kunyamula anthu, matumba a chimanga ndi usipa, simenti, malata, makreti a zakumwa, nkhuku, chilichonse chimene anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe akufuna, poti ena mwa malo amenewa msewu sufikako bwino kapena sufikako n'komwe. Kuchedwa kwake kumachokera pamenepo. M'madoko ang'onoang'ono opanda pokocheza, sitima imaima patali ndi gombe n'kutsitsa maboti ake, ndipo mabotiwo amapita n'kubwera mpaka thumba lomaliza litakwera. Katundu akachuluka, poima ola limodzi mumaima maola anayi.

Ndondomeko yomwe yakhalapo zaka zambiri ndi iyi: imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, Loweruka ili ku Likoma, kenako Nkhata Bay, Lamulungu n'kufika pa doko la Chilumba ku Karonga. Lolemba imatembenuka, madzulo ake imachoka ku Nkhata Bay, Lachiwiri ili ku Likoma, Lachitatu yabwerera ku Monkey Bay. Kamodzi pa sabata basi. Onani tanthauzo lake kwa inu: pa holide ya masabata awiri muli ndi Lachisanu limodzi lodalirika, chifukwa lachiwirilo likubwezani sukulu zitatsegulira kale.

Kuzungulira ulendo wonse osatsika sindikukulangizani. Masiku asanu mukumva injini ndi fungo la dizilo si chikondwerero cha ukwati. Chimene ndingachite nditakhala inu n'kunyamuka pa Ntcheu Lachinayi, kugona ku Monkey Bay, kukwera Lachisanu, kutsika ku Likoma Loweruka, kugona pachilumbapo mpaka sitima itabwerera kuchokera kumpoto, n'kuikweranso Lachiwiri. Lachitatu muli ku Monkey Bay, Lachinayi muli kwanu. Sabata yathunthu, ndipo musaikepo chinkhoswe kapena msonkhano wa kusukulu Lachisanu lotsatiralo. Lisiyeni lopanda kanthu. Ngati mmodzi wa inu amaopa madzi, pali njira yaifupi: pitani pamsewu mpaka Nkhata Bay, mukwere Lolemba madzulo, mutsike ku Likoma kukucha Lachiwiri, mudzabwerere Loweruka pa ulendo wake wopita kumpoto. Pamadzi mwakhalapo pang'ono, pachilumba mwakhalitsa.

Za pokhala. Pansi pali ekonomi, yotsika mtengo, ndipo tsiku lodzaza imakhala ngati Lizulu pa tsiku la msika, kungoti palibe kothawira. Anthu ake ndi ochezeka, nkhani simusowa, koma kugona ndi pa katundu wanu. Pali second class, kenako first class yomwe ndi pamwamba penipeni, pamphepo, pomwe pali bala ndipo anthu amagona pa matiresi obwereka. Ndiye pali zipinda zogona zokhala ndi mabedi ndi chitseko chokhoma. Zipindazi n'zochepa kwambiri ndipo alendo akunja amazisungitsa kukadali milungu. Inu paja mwati zaka 15. Ndalama ya chipinda musaiumire, makamaka popita, pamene usiku wonse muli pamadzi. Pobwerera mukhoza kugona pamwamba ngati kunja kuli bwino. Imbani ku ofesi ya sitimayi ku Monkey Bay, musungitse chipinda, mufunse mtengo wa tsikulo, ndipo mudzaimbenso kutatsala masiku awiri kuti mumve ngati ikuyenda. Sitima ya zaka zoposa 70 imapita kokakonzedwa, nthawi zina milungu ingapo, ndipo pena m'malo mwake mumayenda ina yaing'ono monga Chilembwe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna: funsani kawiri, funsani katatu.

Tsopano mwezi, ndipo apa ndi pomwe ndikusiyana nanu. Disembala ayi. Ndi nthawi yomwe aliyense wogwira ntchito m'tauni akubwerera kwawo ku Likoma ndi katundu wa Khirisimasi, malo ogona kunyanja akweza mitengo, mvula yagunda, ndipo milatho ya msewu wa m'mbali mwa nyanja, M5, sichedwa kuvuta madzi akasefukira. Komanso ndalama ya Disembala ili ndi adani ambiri: feteleza wobereketsa, fizi ya Januwale. Holide yaitali ya Ogasiti ikuoneka yabwino pa kalendala, koma ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera yomwe imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Ife a kumapiri kuno mwera timaumva ngati kuzizira chabe, timangowonjezera juzi. Panyanja umautsa mafunde oti munthu wosazolowera amasanza mpaka ndulu, ndipo kaputeni akaona kuti zavuta amaima podikira kuti kuchite bata. Mukadzaona waima musadzadandaule. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi n'kupha anthu 145, ndipo oyendetsa sitima pa nyanja ino nkhani imeneyo amaidziwa.

Mukanakhala kuti si aphunzitsi ndikanati kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala, pamene nyanja yagona, kungopewa sabata ya Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, pomwe dziko lonse limakhamukira kunyanja. Koma poti choko sichikulolani, tengani holide ya Pasaka. Mvula imakhala ikutha, mapiri ali obiriwira, mwera usanalimbe. Vuto lake ndi limodzi: kusunga ndalama kuyambira Disembala mpaka Epulo. Ndalama yokhala m'nyumba sichedwa kupeza maliro. Mukangogawana, lipiranitu dipoziti ku malo ogona ku Likoma, yotsalayo muitsekere ku banki komwe kuitapa kumafuna kukwera minibasi.

Njira yochokera kwanu ndi yaifupi kuposa momwe ambiri amaganizira. Palibe chifukwa chozungulira ku Liwonde. Kwerani M1 ngati mukupita ku Dedza, mudutse Mlangeni ndi Lizulu, mukhotere pa Masasa, mutsike Khwekhwerere mpaka Golomoti, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Nyamukani m'mawa, poti magalimoto otsika phirilo amadikira kudzaza ndipo madzulo amasowa. Ngati muli pa galimoto yanu, onetsetsani mabuleki musanayambe kutsetsereka. Mukakhala ndi maola apadera, Mua ili pafupi ndi Golomoti, ndipo ku KuNgoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli nyumba yosungira za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndi zamanyazi kuti azungu amachokera kutali kudzaona za Angoni pamenepo pomwe eni ake a ku Ntcheu timangodutsa.

Thupi lanu linazolowera mphepo ya kumtunda. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, pomwe nyanja yathu ili pa mamita osafika 500, ndiye kutentha kudzakulandirani pa Golomoti pomwepo. Udzudzu kumeneko ndi wochuluka kuposa kwathu kuno. Tengani neti yanu ndi mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo mukabwerako wina akamva kuphwanya m'thupi, akayezetse malungo tsiku lomwelo, osayamba ndi panado. Mukasambira, makamaka m'madzi osaya a kumwera komwe kuli bango ndi nkhono, kaonaneni ndi achipatala patapita milungu ingapo za mankhwala a likodzo. Ku famase gulani mapiritsi oletsa mseru wa paulendo, ndipo amamwa musanakwere, osati mutayamba kale chizungulire. Juzi ya ku Ntcheu ija musaisiye. Pamwamba pa sitima usiku kumazizira.

Katundu akhale woti mutha kumunyamula nokha potsika makwerero kulowa m'boti logwedera: chikwama cha kumsana aliyense, osati chisutikesi cha matayala. Foni, ziphaso ndi ndalama zikhale m'pulasitiki womanga bwino, ndipo valani nsapato zosaopa madzi, chifukwa pena boti limakusiyani madzi ali m'mawondo. Amayi, tsiku lokwera ndi lotsika valani thalauza kapena kabudula mkati mwa chitenje, mudzandithokoza. M'sitimamo amagulitsa chakudya, nsima, mpunga, nsomba, koma kamba wanu tengani: mtedza wokazinga, mbatata yophika, buledi, madzi akumwa okwanira. Ndalama tengani yogwirika. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki pakati pa nyanja imatha, ndipo ma ejenti a pachilumba ndalama imawathera sitima ikangotsitsa anthu. Agogo muwauziretu kuti foni ikapanda kugwira usiku wa Lachisanu asayambe kulira.

Ku Likoma kwenikweniko masiku atatu sadzakukwanirani kutopa nako. Chilumbachi ndi cha Malawi koma chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a tsidya lija amaoneka pafupi zedi. Tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chimadabwitsa kukula kwake pa kachilumba kotere. Mukafika Loweruka ndiye kuti mapemphero a Lamulungu mwawapeza, ndipo pitani ngakhale muli a CCAP kapena a Katolika, mukamve kuimba. Mudzadya kondowole ndi nsomba yochoka m'madzi tsiku lomwelo, mudzayenda pansi pa milambe, ndipo mukaona chinthu chonga utsi chikukwera pakati pa nyanja musati sitima yapsa, ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe anthu a kumeneko amakola n'kupanga ndiwo. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, kuyambira maresitihausi a pafupi ndi doko mpaka maloji olipiritsa madola. Poimba foni nenani kuti ndinu Amalawi, chifukwa malo ambiri ali ndi mtengo wa eni dziko umene salemba pa intaneti. Funsaninso ngati adzakuchingamirani padoko, poti sitima ikhoza kufika usiku.

Mukadzaimba Lachitatu n'kumva kuti Ilala sikuyenda sabata imeneyo, ulendo musauphe. Tsikani Khwekhwerere momwemo, mukhotere ku Cape Maclear musanafike Monkey Bay. Ndi mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anyamata a maboti pa Chembe amatengera alendo ku chilumba cha Thumbi kukaona tinsomba ta mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo boti lopanda majekete oyandamitsa munthu musalikwere. N'chifukwa chake polipira dipoziti ku Likoma muyenera kufunsiratu ngati amabweza kapena kusuntha tsiku sitima ikalephera, ndipo yankho lawo alilembe pa meseji.